Ana Athu Akumanga pa Malo a Eni

Kukolola kukatha m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, ana ankasowa pabwalo. Ukawafuna unkawapeza kuseri kwa mudzi, atamanga timisasa ta mapesi ndi udzu, ali pa masanje. Kumeneko kunali mfumu, kunali abambo ndi amayi, kunali ngakhale fisi wodzaba ndiwo. Atsikana ankaphika nsima ya chimanga chokunkha, anyamata akuumba ng'ombe zadothi kapena kupinda mawaya kuti akhale lole. Mudzi wonsewo ankaumanga okha, ndipo unali wawo. Agogo akadutsa ankalawa ndiwo n'kunena kuti mchere wachepa, mtsikana n'kuphunzira pomwepo.

Mtima womanga sunafe mwa ana athu. Chimene chikundiwawa n'kumene wapita. Pa Nachisaka si mwana aliyense amene ali ndi foni yamakono, koma foni imodzi imakwana: mwini wake amakhala pakhonde la golosale, anzake atamuunjirira, makosi ali pansi. Akumanga nyumba zosanja, milatho ndi mizinda yathunthu m'masewera a pa intaneti, pamene khola la mbuzi kwawo lagwa mbali imodzi.

Masewerawa ali ndi eni ake. Minecraft, yomangira ndi timabokosi, inagulidwa ndi Microsoft mu 2014 pa mtengo wa madola 2.5 biliyoni. Roblox, imene inatsegulidwa mu 2006 ku America, inapita patali: masewera ambirimbiri amene alimo amapangidwa ndi osewera omwewo, ochuluka a iwo achinyamata. Kampani imangopereka malo ndi zipangizo, n'kuika ndalama yakeyake yotchedwa Robux. Ukafuna chipewa kapena malaya a chidole chokuimira m'masewerawo, umagula Robux ndi ndalama zenizeni. Ukapanga chinthu anzako n'kuchigula, umalipidwa Robux yemweyo, ndipo kuti umusandutse ndalama yogulira sopo uyenera kukhala ndi zaka 13, kusonkhanitsa Robux osachepera 30,000, kenako kampani n'kukugula pa mtengo wotsika kwambiri kuposa umene inagulitsira.

Ife a kuno ntchito yotereyi timaidziwa. Ndi utenanti wa m'maesiteti a fodya: munda ngwa bwana, sikelo nja bwana, mtengo amatchula ndi bwana, ndipo tsiku limene wakuda nawe umachoka chimanjamanja. Makolo athu ankapita ku utenanti chifukwa cha njala. Ana athu akulowamo akumwetulira, atalipira okha bandulo ya Airtel kapena TNM ndi ndalama imene inayenera kupita kuchigayo. Kampani ikatseka akaunti, mzinda umene mwana anautayira miyezi umazimirira, ndipo palibe bwalo la mfumu kumene angakadandaule.

Koma ndalama si zimene zimandisowetsa tulo. Pa masanje tinkadziwa kuti uyu ndi mwana wa uje. M'dziko la m'foni, chidole chimene chikucheza ndi mwana wako wamkazi chikhoza kukhala bambo wa zaka 40 wa kutsidya kwa nyanja, wodzitcha mnzake. Ndipo pakuti aliyense amamanga chimene wafuna, ena amamanga zipinda zolaula, zoti munthu wamkulu sangazitchule pamaso pa apongozi. Dziko la Turkey linatseka Roblox mu Ogasiti 2024 ponena kuti likuteteza ana. Ife tili ndi lamulo la 2016 loona za pa intaneti, tili ndi MACRA, koma lamulo lingachitenji m'nyumba mmene agogo olera adzukulu sawerenga Chingerezi chimene chikuyenda pagalasilo?

Tisanamizire ana. Foni tinawapatsa ndife, kuti atisiye ticheze, kuti asalire, kuti aneba aone kuti nafenso tafikapo. Mwana akakhala chete timati ndi wofatsa, osafunsa kuti ali ndi yani. Amalume amene ankaphunzitsa mphwawo kusema mpini nawonso maso ali pa foni, akubetcha mpira wa ku England.

M'boma lathu lomwe lino la Dowa, ku kampu ya Dzaleka, achinyamata othawa nkhondo amakhala pansi ndi aphunzitsi kuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta, luso limene angalinyamule kulikonse kumene angapite. Iwo anafika opanda malo, koma akumanga chimene chidzakhale chawo. Athu ali ndi minda ya makolo, ali ndi dothi la mtapo kudambo, ali ndi nsungwi, ndipo akukula osadziwa kufolera denga.