Nyanja Ikabwerera Kwawo, Tidandaule kwa Yani?

Mu 2024 nyanja ya Malawi inalowa m'zipinda za malo ogona alendo ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota. Mchenga umene alendo ankaotherapo dzuwa unamira, mipanda ya njerwa inagwa ndi mafunde a mwera. Eni malowo anafuula kuti zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde zitsegulidwe madzi atsike ndi Shire, osalabadira kuti kumunsiko, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kulinso anthu. Bungwe la National Water Resources Authority linayankha ndi nambala: 477. Womanga m'munsi mwa mzere wa mamita 477 kuchokera pa mlingo wa nyanja zamchere wamanga m'nyanja, ngakhale kuti tsiku lokumba maziko pamalopo mbuzi zinkadya msipu.

Kutchalitchi kwathu nkhaniyi tinaipempherera monga tsoka. Ndinapemphera nawo, pakuti ambiri amene anavutika ndi ophika, alonda ndi ochapa amene ntchito inawathera. Koma funso linandikhala pakhosi: madzi akafika pamene anafikapo kale, tinene kuti Mulungu watilanga, watiyesa, kapena mwini malo wangobwera kwawo?

Nambala ija sinagwe kumwamba. Mu 1980 nyanja inakwera kufika cha pomwepo, ndipo akuluakulu a m'mphepete akukumbukira. Agogo awo anaona zosiyana: kuyambira cha mu 1915 mpaka cha mu 1935 madzi anatsika kwambiri moti Shire analeka kutuluka m'nyanja. Kukwera ndi kutsika kwa nyanjayi kumatenga zaka zoposa zimene munthu amakhala ndi mano onse. Wogula puloti amaona gombe la zaka khumi zapitazo, n'kuganiza kuti waona malire.

Buku la Genesis limafotokoza kuti pa tsiku lachitatu madzi anasonkhana malo amodzi, mtunda n'kuoneka. Ambirife timawerenga ngati kuti ntchitoyo inatha ndi chidindo, ndipo pamene pauma lero ndi pamtunda mpaka muyaya. Mu chaputala 38 cha Yobu, Mulungu akukumbutsa Yobu kuti woikira nyanja malire ndi Iyeyo. Alaliki timakonda kutonthoza nawo anthu mawu amenewa, kuti madzi sangapyole. Ine ndikuona kuti akunena za mwini malirewo, koma sakulonjeza kuti Yobu, kapena mfumu yogulitsa malo, kapena woyeza wa ku khonsolo, akudziwa pamene malirewo adutsa. Chaputala chonsecho ndi mafunso osonyeza munthu kuti sadziwa.

N'chifukwa chake mzere wa 477 ndimaulemekeza kuposa malamulo ambiri amene timalemba. Sulamula nyanja kanthu. Ukungovomereza kuti madzi anafikapo apa, ndipo adzafikanso. Lamulo la madzi la 2013 likaletsa kulima ndi kumanga m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje ndi nyanja, likuvomereza zomwezo: pali nthaka ina imene munthu amangobwereka.

Anthu a ku Chilwa zimenezi anazidziwa lamulo lisanalembedwe. Nyanja yawo ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo inauma mu 1968 ndi mu 1995, n'kudzaphwanso kwambiri mu 2018. Madzi akathawa, mabwato amagona pamatope ku Kachulu, anthu amapita pansi ku chilumba cha Chisi, ena amabzala mpunga pamene ankagwira matemba. Madzi akabwera, asodzi amamanga zimbowera, timisasa taudzu toyandama pakati pa mabango. Sindinamvepo munthu wa kumeneko akuthira konkire pakati pa nyanja youma n'kumati wapeza malo. Boma linalembetsa Chilwa pa mgwirizano wa mayiko woteteza madambo wa Ramsar, koma nzeru yobwereka n'kubweza inalipo kale.

M'tauni ndi mmene taiwala. Ndondomeko ya malo ya 2002 inati madambo ndi malo a anthu onse, osati a munthu mmodzi. Vuto n'lakuti dambo mu Okutobala limaoneka ngati puloti yabwino, yosalala, yosafuna kuzula zitsa. Wogulitsa amadziwa, wogula amakayika koma mtengo umamunyengerera, ndipo mu Febuluwale onse awiri amati ndi chifuniro cha Mulungu. Mawu amenewa amandiwawa. Amachotsa mlandu pa amene analandira ndalama ndi amene anadinda pulani, n'kuusenzetsa Mulungu amene sanasainire chikalata chilichonse.

Koma apa ndisathamange, chifukwa pali mayi wa dimba. Iyenso lamulo limamugwira: walima mpiru ndi chimanga chachiwisi pagombe penipeni pa mtsinje, khasu lake likumasula dothi limene lidzakokoloke n'kukadzaza kumene timapangira magetsi ku Nkula. Kulakwa kulipo ndithu. Komabe sindingamuike pa mpando umodzi ndi womanga mpanda wa njerwa m'nyanja. Mayiyu sanena kuti gombelo ndi lake. Amakolola mvula isanagwe n'kuchokapo, ndipo chimene chamutsitsira kumeneko ndi munda wakumtunda umene sunabereke. Winayo akufuna kuti madzi amupatse ulemu chifukwa ali ndi pepala. Chodabwitsa n'chakuti chimanga cha mayi chimathetsedwa ndi zikwanje tsiku limodzi, pamene mpanda uja umadikira milandu ndi maloya mpaka nyanja yokha idzaugwetse.

Ndipo pali chinthu chimodzi chimene ndikanapempha ndisanaweruze aliyense. Mzere wa 477 uli m'mapepala ndi m'makina a oyeza malo. M'magombe amene ndayendamo sindinaonepo chipilala chousonyeza. Mfumu ilibe makina, mphunzitsi wopuma amene akugula puloti ndi ndalama za penshoni alibenso. Zipilala zokhala ndi nambala ija zitaimikidwa pamchenga kuyambira ku Monkey Bay mpaka ku Karonga, wogula akanatha kuima pomwepo, kuona kumene kuli puloti, n'kufunsa mfumu ndalama zisanatuluke m'thumba.