Kodi Mfuu Ingagwetse Munthu?

Anthu a ku Japan pocita masewera ao omenyana, monga karate ndi kendo, amafuula mfuu yoopsa imene amati kiai. Nthano zao zimasimba za akatswiri amene anagwetsa mbalame mumtengo ndi mau okha. Izo ndi nthano cabe, pakuti mau sathyola fupa.

Komabe mfuuyo siipita pacabe. Munthu akafuula amaturutsa mpweya msanga, minofu ya pamimba nikungika, kotero kuti nkhonya yace imacoka ndi thupi lonse, ndipo akamenyedwa pamimbapo sakomoka msanga. Pa masewera a kendo oweruza sawerengera munthu kuti walasa mnzace ngati mau, lupanga ndi thupi sizinayendere pamodzi.

Koma mphamvu yeniyeni ya mfuu iri mumtima mwa woimva. Miyamoto Musashi, katswiri wa lupanga amene anamwalira mu 1645, analemba za mfuu zitatu: yoyambira nkhondo, ya pakati pa nkhondo, ndi yolengeza kupambana. Iye anaphunzitsa kuti pomenyana anthu awiri, wina afuule ngati afuna kutema, ndipo mnzaceyo akadzidzimuka, pamenepo ateme. Kodi kumeneku si kunyenga? Ena atero ndithu. Koma mfuu siibisika ngati mpeni wa m'thumba. Onse awiri ali ndi pakamwa, ndiponso onse analowa m'bwalo akudziwa kuti mtima uyesedwa pamodzi ndi mkono. Wozolowera nkhondo amangoimva osaphethira, ndipo wofuulayo watha mpweya wace, naulula nthawi imene afuna kutema.