Za Maere ndi Lotale

Mau akuti maere tiwapeza kawirikawiri m'Buku Lopatulika. Yoswa anagawira mafuko a Israyeli dziko ndi maere. Ndipo atumwi, pofuna munthu wolowa m'malo a Yudase, anayamba apemphera, ndipo maere anagwera Matiya (Macitidwe 1). Anthu amenewa anali kufunsa cifuniro ca Mulungu. Koma alipo maere ena. Asilikari anai aja pa Gologota, posafuna kung'amba malaya a Yesu, anacita maere kuti aone adzawatenga ndani (Yohane 19). Mmodzi anapita nao, atatu anacoka opanda malayawo. Lotale ya masiku ano ndiyo mdzukulu wa maere a asilikariwo: ambiri aponya ndalama, owerengeka natenga.

Cinthuci si cacilendo ai. Ku Mangalande mfumu yaikazi Elizabeth woyamba, posowa ndalama zokonzera madooko a zombo, anakhazikitsa lotale, tikiti imodzi masheleni 10, mtengo woti mlimi wamba sakanaufikira. Maerewo anacitika caka ca 1569, kuyambira Januwale kufikira Meyi. Ndipo anacitikira kuti? Pa khomo la chalichi cacikuru ca St Paul's m'mudzi wa London! Taonani, pa khomo peni-peni pa nyumba yopemphereramo Iye amene malaya ace anacitiridwa maere.

Pambuyo pace mafumu a dzikolo anapitiriza, pakuti msonkho umawawa, koma ndalama za lotale anthu azipereka akusekera. Amphawi osakhoza kugula tikiti yathunthu anagula kacigawo kace, ena nabeca pa manambala, nataya zao zonse. Akristu ena anadzuka natsutsa. Mmodzi wa iwo ndiye William Wilberforce, yemwe uja analimbana ndi malonda a akapolo. Lotale ya boma inatha m'caka ca 1826, ndipo inagona zaka 168. Koma mu 1994 inadzukanso, ndipo ku South Africa, kumene ana athu ambiri apita kukagwira nchito, inayamba mu 2000.

Tsono wina adzati, Kodi boma silinalole? Inde lalola, laikanso malamulo abwino ndithu: kuti makina osankha manambala asakhale acinyengo, kuti gawo la ndalama lipite ku nchito zothandiza anthu, kuti ana asagule. Ku Britain mu 2021 anakweza msinkhu wa wogula kucokera pa zaka 16 kufika pa 18. Koma lamulo lomwelo licita umboni, pakuti munthu samangira mpanda citsime cosaopsa. Ndipo palibe lamulo lokhoza kusintha ciwerengero. M'lotale ya ku Britain, kuyambira 2015, munthu asankha manambala 6 mwa 59, ndipo njira zosankhira ziripo 45,057,474. Yolondola ndi imodzi yokha. Anthu onse a m'Malawi, amene pa kalembera wa 2018 anali 17.5 miliyoni, akadagula yense matikiti awiri osiyana, ndi makanda omwe, sakadatsiriza njirazo.

Ndipo wopambanayo alandira za yani? Ndalamazo sizinamere m'munda. Ndizo za mnzace wogulitsa nkhuku yace yotsiriza, ndi za mkazi wogona ndi njala pamodzi ndi ana ace.

Kale wogula tikiti anayenera kupita ku sitolo masana, anthu akuona, ndipo manyazi anabweza ambiri. Lero lotale ikhoza kugulidwa pa intaneti. Munthu ali gone pamphasa usiku, foni m'manja, ndalama za fetereza zirikutuluka, ndipo ngakhale mkazi wace sadziwa kufikira tsiku lobzala. Cifukwa cace inu akulu a mpingo, pakuyendera mabanja mwezi uno, funsani za ici mofatsa ndi mseri, osati pabwalo. Ndipo mukampeza mbale wogwidwa nazo, khalani naye pansi, muwerenge pamodzi zimene anaponya caka cino ndi zimene zinabwera.