Ndodo ya m'mulu wa manyowa



Wophunzira kulima ndiwo zamasamba popanda feteleza, monga amaphunzitsira ku Kasisi kufupi ndi Lusaka, amayambira pa mulu wa manyowa. Mapesi pansi, masamba aawisi pamwamba, ndowe, kaphulusa, timadzi. Akatero amazika ndodo pakati.

Pakapita masiku angapo amaizula n'kuigwira. Ikakhala yofunda, ndiye kuti mulu ukupsa. Kunja kumaoneka zinyalala chabe, koma m'katimo chakudya cha repu ndi mpiru chayamba kale kukonzeka.

Mwina nanunso muli pa ntchito imene zipatso zake zikuchedwa kuoneka. Musafulumire kugwa ulesi, abale anga. Lero chitaniko pang'ono pomwe mungathe. Muyende bwino.