Kodi Imfa ya Msilikali Wosauka ndi Nsembe?

Pa 9 September 1914, asilikali a King's African Rifles anamenyana ndi Ajeremani ku Karonga. Ambiri anali alimi wamba, olowa usilikali pofuna malipiro oti akakhomere msonkho wa nyumba. Akafa, atsamunda ankati apereka moyo wawo nsembe. Komatu nsembe imafuna kuti mwini wake asankhe yekha, ndipo wothamangitsidwa ndi umphawi sasankha kwenikweni, ngakhale atalimba mtima bwanji pankhondopo. John Chilembwe, polembera nyuzipepala ya Nyasaland Times chaka chomwecho, anati olemera, eni masitolo ndi eni minda ndiwo apite akaomberedwe. Chipilala cha ku Zomba chimalemekeza akufawo, koma sichitchula amasiye amene anatsala m'midzi.