Nkhanga zinapangana kusanapse

Kuyambira mu Ogasiti mpaka itagwa mvula ya chizimalupsa, tchire silikhala pa mtendere. Udzu umakhala utauma, mphepo ikuwomba, ndipo anyamata osaka mbewa kapena alenje ofuna kuvumbulutsa akalulu sachedwa kukhwatcha machesi. Moto wolusa ukabuka, utsi umaphimba paliponse, chamoyo chilichonse n'kuliyatsa liwiro. Nkhanga ndi mbalame yoyenda pagulu, yodalira miyendo kuposa mapiko, ndipo ikauluka sipita patali. Komabe moto ukadutsa, madzulo mumazimva zikuitanizana, n'kukagona mumtengo umodzi ngati palibe chinachitika. Akuluakulu amati chinsinsi chake n'chakuti nkhanga zinapangana kusanapse: kothawira ndi kokakumana zinagwirizana kale, udzu ukadali wauwisi.

Mwambiwu umanenedwa pochenjeza anthu kuti nkhani zikuluzikulu azikambiranatu zinthu zisanafike povuta. Ankhoswe amaunena kwa achinyamata olowa m'banja, agogo amaunena poona ana akugulitsa chimanga chonse mu Meyi kuiwala kuti kuli Febuluwale. Moto ukafika sipakhalanso mpata wa msonkhano, aliyense amangochita chimene anazolowera.

Kwa mkhristu, mwambiwu ukukhudza kupirira. Ambirife timaganiza kuti kupirira ndi mphamvu imene imangotsika tsiku la tsoka, munthu akagwada n'kulira mokweza. Ine ndimaona mwina. Chimene chimamuimika munthu pa tsiku loipa ndi chimene anachimanga mumtima masiku amene kunali bata, pomwe panalibe womukakamiza kupemphera.

Taonani anyamata atatu aja a ku Babulo, Sadrake, Mesake ndi Abedinego. Alaliki amakonda mutu 3 wa buku la Danieli, pomwe Nebukadinezara anaimika fano lagolide m'chigwa cha Dura n'kulamula kuti ng'anjo isonkhezedwe kasanu ndi kawiri kuposa masiku onse. Koma nkhani yawo inayambira m'mutu 1, pa mbale ya chakudya. Atangofika ku ukapolo, atasinthidwa ndi maina omwe, iwo pamodzi ndi Danieli anakana zakudya ndi vinyo wa mfumu, napempha kuti ayesedwe masiku 10 akudya zamasamba ndi kumwa madzi okha. Inali nkhani yaing'ono, yoti wina akanati, "Aaa, idyani basi, Mulungu amvetsa, muli kwa eni." Iwo anakaniratu pa chaching'onocho, ndipo anakana ali anayi, akulimbitsana mtima. Tsiku la ng'anjo litafika sanapemphe nthawi yoti akaganize. Anauza mfumu kuti Mulungu wawo angathe kuwapulumutsa, koma ngakhale asawapulumutse, fanolo saligwadira. Yankho lotere munthu salipeka ali pakhomo pa ng'anjo.

Danieli nayenso, lamulo la Dariyo loletsa kupemphera kwa masiku 30 litasainidwa, sanayambe mapemphero atsopano. Anangopitiriza kugwada katatu pa tsiku, mazenera oloza ku Yerusalemu ali otsekula, monga mwa chizolowezi chake chakale.

Petro ndiye amatisonyeza mbali inayo. Usiku wa mgonero womaliza analumbira kuti ngakhale anzake onse athawe, iye yekha sathawa. M'munda wa Getsemane, nthawi yoti adikire ndi kupemphera, anagona. Kusanache, mtsikana wantchito anangomufunsa pang'ono, iye n'kukana Mbuye wake. Petro sanali wachinyengo, chikondi anali nacho ndithu. Anadzithemba, ndipo ola lokonzekera analigonera.

Nkhani ina yoyenera kuikumbuka inachitika ku Buganda, m'dziko limene lero ndi Uganda. Amishoni a Anglican anafikako mu 1877, ansembe a White Fathers mu 1879. Mu 1882 ansembewo anachoka, ndipo kwa zaka pafupifupi zitatu ophunzira awo anatsala okha. Sanabalalike. Ankasonkhana m'nyumba, kuphunzitsana katekisimu ndi mapemphero, chiwerengero chawo n'kumakula. Mwanga atalowa ufumu mu 1884 zinthu zinayamba kuipa. Joseph Mukasa Balikuddembe, mkulu wa anyamata otumikira kunyumba ya mfumu, anadzudzula Mwanga chifukwa cha kuphedwa kwa Bishopu James Hannington, komanso ankateteza anyamatawo ku zadama zimene mfumu inkawakakamiza. Anaphedwa pa 15 Novembala 1885.

Charles Lwanga, amene anatenga udindo woyang'anira anyamatawo, anadziwa kuti utsi waoneka. Miyezi yotsatira anaigwiritsa ntchito kuwaphunzitsa ndi kuwalimbitsa. Chakumapeto kwa Meyi 1886, ataona kuti m'mawa mwake kugwa zoopsa, anabatiza usiku ena amene anali asanabatizidwe, mmodzi wa iwo Kizito, mwana wa zaka ngati 14. Kutacha mfumu inalamula kuti opemphera aime padera, ndipo anaimadi padera. Pa 3 Juni 1886 Lwanga ndi anzake ambiri, Akatolika ndi a Anglican omwe, anatenthedwa pa Namugongo. Papa Paulo VI analengeza Akatolika 22 ofera chikhulupiriro m'nyengo imeneyo kuti ndi oyera mu 1964, ndipo lero maparishi ndi masukulu ambiri kuno kwathu akudziwika ndi maina a Kizito ndi Lwanga. Timawatama chifukwa cha tsiku limodzi la moto, kuiwala zaka zija ankaphunzitsana usiku popanda wansembe.

Apa mpofunika kusamala, chifukwa mwambiwu ena amaupotoza. Kupangana kusanapse sikuletsa tchire kupsa. Anyamata a ku Babulo anatuluka m'ng'anjo amoyo, a ku Namugongo anapsa mpaka phulusa, koma onse anali okonzeka mofanana. Wolalikira kuti wopemphera kwambiri sadwala, sachotsedwa ntchito, saika mwana m'manda, akunamiza nkhosa. Ndipo wopita pamaliro kukauza namfedwa kuti zamugwera chifukwa anafooka m'mapemphero akubwereza tchimo la abwenzi a Yobu, amene Mulungu mwini anawadzudzula kumapeto kwa bukulo. Kukonzekera kumathandiza kuti tsoka likabwera munthu asataye Mulungu wake, asataye umunthu wake, ndipo adziwe kolowera.

Chimene chimandidetsa nkhawa masiku ano n'chakuti chikhristu chathu chikusanduka cha pangozi. Matenda akagwa m'nyumba, banja limayamba kuyendayenda: Lolemba kwa mneneri wogulitsa mafuta ndi madzi odzozedwa, Lachitatu kuphiri kukasala, Loweruka usiku kwa sing'anga mobisa, mankhwala a kuchipatala atasiyidwa pawindo. Sindikuwaseka anthu otere, pakuti ululu umasokoneza mutu wa aliyense. Koma kuyendayendako kumaulula kuti m'nyumbamo simunakambidwepo funso lakuti, "Zikadzavuta tidzaima pati?" Mwamuna ndi mkazi amakambirana za feteleza, fizi ndi lendi, koma za chimene sadzachita ngakhale zitathina bwanji, monga kulandira chiphuphu, kukhwimira bizinesi kapena kuloza agogo chala kuti ndi mfiti, sakambirana. Tsiku la mayeso aliyense amathawira kwake, banja n'kupasuka pamwamba pa matendawo.

Mwambiwu sukunena za nkhanga imodzi, ndipo mpingo unazindikira zimenezi kalekale. Maepiskopi Achikatolika a chigawo cha AMECEA anagwirizana m'zaka za m'ma 1970 kuti moyo wa mpingo ukhazikike pa miphakati. Ku CCAP kuli milaga, kuli amayi a Mvano ku Sinodi ya Blantyre, a Chigwirizano ku Nkhoma ndi a Umanyano ku Livingstonia. Ku Adventist kuli a Dorika. Misonkhano yawo ya mkati mwa sabata sionetsa zozizwitsa. Amawerenga ndime, kuimba, kusonkha kangachepe, kukatungira madzi wodwala. Achinyamata ena amaiona ngati yotayitsa nthawi. Koma maliro akagwa, amene amafika m'bandakucha ndi nkhuni ndi ufa, n'kuchezera usiku wonse akuimba, ndi anthu omwewo. Namondwe wa Freddy atakantha chigawo cha kummwera mu Malichi 2023 n'kupha anthu oposa 1,000, matchalitchi ndi masukulu ndiwo anasanduka misasa ya otsala. Munthu amene dzina lake likudziwika pa mphakati amakhala ndi omufunafuna akasowa. Wongobwera Lamulungu n'kukhala kumbuyo, kutuluka dalitso lomaliza lisanaperekedwe, amadzaona kuti mumpingo wa anthu 2,000 alibe ndi mmodzi yemwe womuimbira foni pakati pa usiku.

Nyimbo ndi mavesi oloweza pamtima nazonso tisazipeputse. Wodwala amene maso ake sangathenso kuwerenga, kapena wandende amene walandidwa Baibulo, amatsala ndi zokhazo zimene anasunga m'mutu ali mwana ku Sande sukulu kapena ku kalasi. Makolo athu ambiri sankadziwa kulemba, koma ankatha kuimba nyimbo yonse ndime ndi ndime popanda buku. Ana athu foni ikazima amatsala opanda kanthu.

Choncho inu abusa, ansembe, akulu a mpingo ndi makolo, musadikire kuti mwana akagonekedwe kuchipatala kapena banja lifike kubwalo kuti muyambe kuphunzitsa za masautso. Lalikirani za Yobu ndi za Getsemane pamene anthu akhuta, chimanga chili m'nkhokwe. Ndipo inu owerenga amene zinthu zikukuyenderani chaka chino, funsani tsiku limene mphakati kapena mlaga wa kwanuko umakumana, mupiteko sabata ino.