Mphepo Ikakweza Malaya

Pali mawu awiri amene lamulo limawasiyanitsa mosamala kwambiri: dala ndi ngozi. Ukaponda mnzako phazi mu minibasi mwangozi, "pepani" amakwana. Ukamuponda dala, imeneyo ndi ndewu. Tonse tinakula nazo zimenezi ndipo nthawi zambiri zimatithandiza. Koma pali nkhani imodzi imene ndikuona kuti mawu awiriwa amaperewera: mfuti ya m'chiuno ikaonekera pagulu.

Tiyerekeze tili pa boda pathu pano pa Mwanza. Mathiraki afola mumsewu wa M6 kudikira mapepala, amayi akuzungulira mawindo a mabasi a ku Joni ndi manachesi, anyamata osintha ndalama agwira mipukutu ya makwacha, metikashi ndi marandi. Bambo wina wa galimoto yabwino akukangana ndi mmodzi mwa anyamatawa pa nkhani ya reti. Mawu akwera pang'ono. Kiyi wagwa, bamboyo wawerama kuti atole, malaya akwera, ndipo pa lamba paoneka chogwirira cha pistol. Masekondi awiri basi. Waweramuka, wakokera malaya pansi. Mnyamata amene amalimbalimba uja akuti, "Chabwino bwana, tengani pa reti yanuyo."

Bamboyu chiphaso ali nacho. Sanaloze munthu, sanaitchule n'komwe mfutiyo. Walakwa?

Kwathu kuno lamulo la mfuti, Firearms Act la 1967, limafuna kuti wosunga mfuti akhale ndi chiphaso, ndipo nkhani zake zimadzera ku polisi. Penal Code nayo imaletsa kuyenda ndi chida choopsa pagulu popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka, komanso ili ndi mlandu woopseza munthu. Ku South Africa, kumene mabasi aja akulowera, Firearms Control Act ya 2000 imanena mosapita m'mbali: ukanyamula pistol pagulu, ikhale m'chikwama chake chomangirira pathupi kapena m'thumba loyenera, ndipo ikhale yophimbidwa yonse. Kuloza munthu ndi mfuti popanda chifukwa chabwino ndi mlandu, ngakhale ilibe chipolopolo, ngakhale chinthucho chikungooneka ngati mfuti.

Ku America ndi kumene anakangana kwambiri za masekondi awiri aja. Mu 2011 boma la Florida linasintha lamulo lake kuti munthu wa chiphaso asazengedwe mlandu ngati mfuti yake yaonekera kwa kanthawi kochepa, pokhapokha ngati waionetsa dala mwaukali kapena moopseza. Texas inachitanso zofanana mu 2013. Kale kumeneko mlandu unali kulephera dala kubisa mfuti, ndipo anausintha n'kukhala kuionetsa dala. Maganizo awo ndi omveka: munthu asagone m'chitokosi chifukwa mphepo yakweza malaya. Pamenepa ine ndikugwirizana nawo. Lamulo lomanga munthu chifukwa cha mphepo silichedwa kusanduka munda wa ziphuphu.

Vuto ndi loti lamulo likufufuza m'mutu mwa mwini mfuti, pamene mantha ali m'mimba mwa woona. Mnyamata wosintha ndalama uja chiphaso sachiona. Pistol ya chiphaso ndi ya mbava zimaoneka chimodzimodzi pa lamba. Iye sangadziwe ngati kiyi anagwa yekha kapena anagwetsedwa, ndipo alibe nthawi yofufuza. Akudziwa chinthu chimodzi chokha: mkanganowu ukapitirira, pali mmodzi amene angathe kuutseka mpaka kalekale, ndipo si iyeyo.

Musaiwalenso kuti pano ndi pa Mwanza. Makolo athu mfuti sanaionere mu filimu. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inatha mu 1992, koma isanathe mathiraki ankadutsa njira ya Tete moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe, ndipo anthu zikwizikwi anathawira kuno atasenza ana ndi mitolo. Posachedwapa, mu 2015 ndi 2016, ena anathawiranso ku Kapise. Ukangowoloka kupita pa Zobue, mbendera imene ikukulandira ili ndi AK-47. Mayi wogulitsa manachesi amene anabadwira mu msasa wa othawa nkhondo akaona chitsulo chija, thupi lake silifunsa za dala kapena ngozi. Limangozizira.

Mawu oti ngozi nawonso ali ndi mbiri yake m'boma lino. Mu May 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anapezeka atafa m'njira ya ku Thambani. Dziko linauzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Panadutsa zaka zoposa khumi kuti komiti yofufuza, imene inakhazikitsidwa mu 1994, inene poyera kuti anthuwa anachita kuphedwa. Sindikuyerekeza malaya okwera ndi imfa za anthu anayi, ayi. Ndikungonena kuti munthu wa mphamvu akati "inali ngozi", wopanda mphamvu alibe pomutsutsira, ndipo ife a kuno phunziro limeneli tinalilipira modula.

Ndiye taganizirani munthu wochenjera amene akufuna kuopseza koma sakufuna mlandu. Saloza. Amangodzinyolola pa bala mpaka malaya akwere. Amangosuntha jekete ngati akufuna foni. Uthenga wafika, umboni palibe. Pa 19 July 2011, kutatsala tsiku limodzi kuti zionetsero zichitike, anyamata anazungulira mumzinda wa Blantyre pa magalimoto akuonetsa zikwanje. Panalibe chifukwa chotemera munthu tsiku limenelo, kuonetsako kunali ntchito yonse. Aja anachita poyerayera. Wa pistol wochenjera amachita zomwezo, kungoti amasiya khomo lotulukira lolembedwa kuti "sindinafune".

Ine ndikuganiza kuti tikufunsa funso pa nthawi yolakwika. Tikuyang'anitsitsa masekondi awiri amene malaya anakwera, pamene chilungamo cha nkhaniyi chili mu mphindi yotsatira. Wa pagolosale akakubwezera chenje yopitirira, ngozi ndi yake. Koma ukaiwerenga, n'kuzindikira, n'kuiponya m'thumba, pamenepo dala ndi lako. Bambo uja waona nkhope ya mnyamata ikusintha. Wamva "bwana" amene kunalibe mphindi yapitayo. Akudziwa bwinobwino chimene chatsitsa retiyo, ndipo si luso lake la kunenerera. Akalandira ndalamazo, mfuti yagwira ntchito, kaya iye anaituma kapena sanaitume.

Munthu amene zamuchitikiradi mwangozi ali ndi njira ziwiri zoonetsera. Atha kunena kuti, "Iyayi aise, tipange pa reti yako ija." Kapena atha kupepesa n'kuchoka, akasinthe kwina kumene sanaone kanthu. Njira zonsezi zikumudyera ndalama kapena nthawi, ndipo n'chifukwa chake ndi umboni. "Pepani" waulere aliyense angamukwanitse, ngakhale wochenjera wa pa bala uja.

Wina anena kuti, ndiye kuti wonyamula mfuti aziluza mkangano uliwonse? Pafupifupi eya. Walira mvula walira matope. Sindikunyoza chifukwa chimene anthu ena amanyamulira. Wamalonda woyenda ndi ndalama zambiri usiku pakati pa Mwanza ndi Blantyre mantha ake ndi enieni, achifwamba aliko. Koma amene wasankha kuyenda ndi imfa m'chiuno wagulitsa zinthu zina zimene enafe tili nazo mwaulere: kukalipa pa depoti, kukankhana pamzere, kutsutsana za Bullets ndi Wanderers mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Mkwiyo wake sulinso wofanana ndi wanga. Amati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, koma wakwata ndi iyeyo. Mayi wa manachesi sanapite nawo ku chinkhoswe.

Pali mfundo ina yotsutsa imene imandivuta kwambiri kuposa yoyambayi. Kodi kubisako si bodza? Ngati munthu amene ndakhala naye pampando umodzi ali ndi pistol, si bwino ndidziwe kuti ndisankhe ndekha kusuntha? Wapolisi ndi msilikali amanyamula poyera, ndipo sitidandaula. Zoona, koma iwo avala yunifolomu, ali ndi owalamula, pali ofesi imene ungapite kukadandaula. Mfuti yawo ili ndi adiresi. Ya munthu wamba ikakhala poyera imangolengeza kuti pakati pa awirife wamkulu ndi ndani, ndipo imalengeza kwa aliyense, ngakhale mwana wodutsa. Kumudzi munthu salowa pabwalo la milandu nkhwangwa ili paphewa. Aliyense akudziwa kuti kwawo ali nayo, koma amaisiya kuti mawu ake alemere ndi nzeru zokha. Kuphimba pistol ndi mtundu womwewo wa ulemu, ngakhale ndi wochepa. Kumatilola kukangana ngati anthu ofanana. N'zoona kuti kufananako n'kongoyerekeza, koma msika wonse wa pa boda umayenda ndi kuyerekeza kotereku: kuti wa thiraki, wa kabaza ndi wa Prado onse angathe kunena kuti "ayi, yadula" n'kuchokapo amoyo.

Khoti silingathe kuyeza mphindi yotsatira ija. Woweruza adzafunsa ngati mfuti inalozedwa, ngati panali mawu oopseza, ndipo mnyamatayo adzayankha zoona kuti ayi. Mwinanso sangapite n'komwe, poti ntchito yake yosintha ndalama pamsewu siimulola kuyandikira polisi mwaufulu. Anthu amene amaonetsedwa mfuti "mwangozi" kawirikawiri amakhala omwewo amene sangakadandaule.

Chimene chimandiseketsa n'choti chiphaso cha bambo uja chimathera pa geti. Makilomita ochepa chabe kutsogoloku ndi Zobue, ndipo kumeneko pepala la ku Malawi silimupatsa ufulu wonyamula kanthu. Akakhala ndi ulendo wa ku Tete, pistol imatsala kunyumba. Amayenda msewu wonse uja, amagula mafuta, amakangana za reti ya metikashi ndi pakamwa pokha, nthawi zina amaluza, n'kubwerera madzulo ali bwinobwino.